Hutala Imene Inkalira Yokha M'masiku Anga a Eda

Amuna anga anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe anali atagona kale m'manda a kuno ku Mbagala, mumzinda wa Dar. Ndi mmene timachitira ife Asilamu, maliro sitigona nawo. Abale a kwathu ku Machinga anamva uthenga pa foni manda atakwiriridwa kale. Patapita masiku asanu kunafika munthu mmodzi woimira onse, mchemwali wamkulu wa malemuwo. Anabwera pa lole imene inkadzatenga katundu kudoko, miyendo itatupa, kachikwama kali pamutu. Ine ndimawatchula kuti alamu.

Alamu anabwera kudzandikhazika eda. Eda ndi masiku amene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba, miyezi inayi ndi masiku khumi. Kuno ku Dar akazi ambiri amafewetsako, amatha kupita kumsika. Alamu anati zimenezo n'za m'tauni. Anandiveka zoyera, kalilole anamutembenuzira kukhoma, n'kundiuza kuti mwamuna amene si m'bale wanga asandione nkhope. Ngakhale pabwalo lathu lomwe, m'kati mwa mpanda, sindinkaponda, chifukwa a m'nyumba yosanja yoyandikana nafe amaona zonse za pansi. Sindinatsutse. Mutu wanga sunali bwino masiku amenewo, ndipo zinkandipepukira kuti wina azindiuza chochita.

Pabwalopo panali galimoto. Inali kavani koyera, kakale, kamene amuna anga ankanyamulira mabelo a nsalu kuchokera ku Ilala kupita kumene malole a ku Malawi amaima. Anaiimika okha Lolemba madzulo, itayang'ana zenera la kuchipinda kwathu, ndipo kuyambira pamenepo palibe anaisuntha. Ndikakankha katani pang'ono ndinkaiona, fumbi likuunjikana pagalasi.

Sabata lachitatu, nthawi ya swala ya alasiri, pemphero lathu la dzuwa litapendeka, ndinali pamkeka ndikusankha mpunga. Hutala inalira. Inayamba pansipansi ngati munthu akukonza kukhosi, kenako inatambasuka, osaleka. Zimene ndinachita sindinaziganize. Ndinangopezeka ndili pachitseko, kiyi wa geti ali m'manja, mpunga uli mbwee pansi. Zaka zonse zimene ndinakhala pabanja, hutala imeneyo inkanena chinthu chimodzi chokha, kuti ndafika, nditsegulire.

Alamu anandigwira mkono.

"Mukupita kuti, mlamu?"

"Kukatsegula."

"Kutsegulira ndani?"

Ndinaima. Tinasuzumira tonse pazenera. Geti linali lotseka, galimoto ili pamalo pake, m'kati mulibe munthu. Kiyi wake anali pamsomali paja ankakhala. Inalirabe nthawi yokwana kuwiritsa madzi a tiyi, kenako inaleka yokha. Nkhuku zonse zinali zitathawira kuseri kwa nyumba.

Mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa ku Magomeni, anatipezera fundi wa magetsi a galimoto. Anali bambo wachikulire wa konkuno, wa ndevu za imvi, wosadziwa Chichewa ngakhale liwu limodzi. Alamu nawo Chiswahili chawo chinkathera pa moni. Choncho wolankhula ndinali ine, ndili kuseri kwa chitseko, iwo ali pakhonde. Nkhope yawo sindinaione masiku onsewo. Za ndevu ndinachita kuuzidwa.

Anagogoda zitsulo kwa nthawi ndithu, kenako ndinamva akuseka.

"Mama, mulipo? Jini lanu ndalipeza. Lili ndi mchira, limadya mawaya."

"Khoswe?"

"Banja lonse, mayi ndi ana. Galimoto ikakhala osayenda amaiyesa nyumba ya lendi."

Anaika mawaya atsopano. Ndinawalipira kudzera m'manja mwa alamu, ndipo pochoka anafuula kuti, "Ikaliranso, mama, mudzandimete ndevuzi ndi lumo losathwa."

Nditawamasulira alamu, sanaseke. Anali atauona waya wodyedwa uja, koma sunawakhutiritse.

"Khoswe amadziwa nthawi ya alasiri?" anandifunsa. "Si nthawi imene achimwene ankafika pano imeneyo?"

Inalidi nthawi yake. Sindikanakana.

Mawa lake alamu anapita kwa shehe wina wa kwathu amene amakhala chakuno, n'kubwerako ndi botolo la madzi owerengeredwa duwa, ndiwo mapemphero athu. Zimenezo ndinkazidziwa, ndipo ndinaona kuti n'zabwino. M'mawa uliwonse tikatha kuswali, ndinkamva akuchotsa kiyi pamsomali. Ndinkamva chitseko cha galimoto chikutseguka, iwo akunong'ona duwa, kenako chitseko chikutsekeka. Fungo la lubani linkalowa pazenera. Katani nthawi imeneyo sindinkamukankha, pakuti munthu akamapempherera m'bale wake sumusuzumira.

Panapita masiku anayi kuli zii. Tsiku lachisanu, nthawi yomwe ija, inaliranso. Koma ulendo uno mawu anali ena. Anali osasa, odukaduka, ngati munthu wolira amene watopa koma akulephera kuleka. Ndinakankha katani. Nyali zakutsogolo zinali zitayaka, masanasana, zofooka ngati maso a wodwala, zitalunjika pazenera pamene ndinaima. Zinazima, zinayakanso, n'kuzimiratu. Ndinakhala pansi pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo inkalira masiku ambiri. Nthawi zina kawiri kokha, mwachidule. Nthawi zina mpaka agalu a m'mbali muno kuyamba kuuwa. Amayi oyandikana nafe ankabwera kudzandipepesa, koma maso awo ankakhala pazenera, ndipo tiyi ankamusiya wosatha. Mayi wogulitsa masamba amene ankaima pageti tsiku ndi tsiku anayamba kudutsira tsidya lina la msewu. Ndinamva ana akuuzana kunja kwa mpanda kuti m'galimoto ya Mnyasa mumakhala munthu masana. Ndi mmene amatitchulira ife a ku Malawi kuno.

Tsiku lina tikudya, alamu anasiya mbale.

"Mlamu, munthu wogona bwino saitana. Pali chimene achimwene akudandaula."

"Chiyani, alamu?"

"Ndimati mundiuze inuyo. Amene munkagona nawo nyumba imodzi ndinu. Munayambana?"

"Ayi."

"Anakusiyirani mawu amene simunawatsate?"

"Anagwa akusamba m'manja. Sananene kanthu."

"Ndiye kuti sakufuna mukhale kuno nokha pakati pa eni dziko. Akuti tikutengeni."

Madzulo omwewo anaimba foni kumudzi. Mchimwene wawo wamkulu, amene ndi mwini mbumba, anagamula ndili kumva. Anati galimoto ikapitiriza kulira mpaka tsiku lotsiriza eda, nyumba ibwezedwe kwa mwini wake, katundu agulitsidwe, ine ndikwere lole limodzi ndi alamu kubwerera ku Machinga.

Ndinabwera ku Dar ndili mtsikana, mwana woyamba ali kumsana. Kumudzi makolo anga anatha, munda unagawidwa kalekale. Kuno n'kumene kuli mwana wanga ndi zidzukulu. Kuno ndili ndi malo anga pafupi ndi poima madaladala, maminibasi a kuno, pamene ndimakazinga zitumbuwa za mpunga m'mawa, ndipo anthu amandidziwa. Manda a amuna anga ali kuno. Ku Machinga ndikanakakhala mlendo wokalamba pakhonde la eni. Koma mawu a mwini mbumba sungawabweze uli m'nsalu zoyera, galimoto ikulira pabwalo anthu onse akumva.

Ndinaitanitsanso a fundi. Anafika opanda nthabwala.

"Mama, lumo mwakonza?" anatero, koma mawu awo anali olemera.

Anakhala nthawi yaitali kuposa poyamba. Atabwera pakhonde anayamba apuma kaye.

"Ndikufunseni, mama, musakwiye. Galimotoyi inalowapo m'nyanja?"

"M'nyanja bwanji?"

"Mwina malemu anapita nayo kugombe, mafunde n'kuipeza."

"Sinachoke pamenepo chimwalirire iwo."

"Ndiye sindikumvetsa. Mawaya amene ndinaika ndi manja angawa, atsopano, achita dzimbiri lobiriwira ngati akhala chaka m'madzi. Pansi pa chiwongolero ponse pali zoyera ngati phulusa. Ine ntchitoyi ndakalamba nayo. Anzanga akamva kuti ndinadya ndalama za mayi wamasiye n'kusiya galimoto ikulira, ndidzayenda bwanji mumsewu?"

Anapala, anapukuta, anasintha zina. Sanalandire kanthu. Pochoka anati achotsa waya wa batire kuti tigone mtima uli m'malo, pakuti popanda batire galimoto singalire ngakhale itafuna.

Alamu ataona boneti ili yotsegula ndi waya ali lende, anandifunsa tanthauzo lake. Nditawauza, nkhope yawo inasintha.

"Mwawatseka pakamwa."

"Ndi batire chabe, alamu."

"Munthu akulankhula, inu n'kumuika chiguduli m'kamwa? Mukuopa kuti anena chiyani, mlamu?"

Mawu amenewo anandilasa kuposa hutala. Ndinatuma uthenga kuti a fundi abwerere asanakwere daladala, adzabwezeretse waya. Anabwezeretsa akung'ung'udza. Ndinkafuna alamu aone kuti ndilibe chobisa.

Inakhala chete masiku atatu. Kenako inayambiranso.

Pamenepo ndinayamba kukhulupirira nanenso. Ndinkakhala pamkeka kufufuza zaka zonse za banja lathu ngati munthu wofufuza nsabwe m'nsalu. Ndinakumbuka tsiku limene ndinawayankha mwano pamaso pa mnzawo. Ndinakumbuka kuti m'mawa umene anagwa ndinachedwa kutuluka kukhitchini atandiitana, chifukwa mafuta anali pamoto. Anaitana kamodzi kokha. Mwina tsopano ankamaliza kuitana kuja. Dzuwa likayamba kupendeka, thupi langa linkadziwiratu. Ndinkasiya chilichonse n'kumadikira. Choipa kwambiri n'chakuti tsiku limene sinalire ndinkakhumudwa.

Kutatsala masiku makumi awiri kuti eda ithe, alamu anapita ku Magomeni kukaona zidzukulu. Ndinatsala ndekha. Nthawi itakwana, inayamba, mawu osasa aja. Ndinamvetsera kwa kanthawi. Kenako ndinati ngati ndi amuna anga, sanandimenyepo ali moyo, sangayambe lero. Ndinafunda nsalu kumutu mpaka kumaso, ndinachotsa kiyi pamsomali, n'kutuluka.

Dzuwa linandilasa m'maso, pakuti panali patapita miyezi yoposa itatu ndisanaliponde bwalolo. Pafupi, kulirako kunkamveka m'mano. Nyali zija zinkaphethira. Nditagwira chitseko cha mbali ya dalaivala, hutala inaleka.

Ndinaima dzanja lili pachitseko. Kunali zii, moti ndinkamva wailesi ya m'nyumba yachitatu. Ndinati, "Bambo, ndine." Palibe chinayankha. Ndinatsegula.

Munatuluka mpweya wotentha, wa chinyezi, wonunkha lubani ndi nkhungu. Magalasi anali ndi thukuta m'kati. Mpando wawo unali ukadali ndi dzenje la thupi lawo. Ndinakhalapo, chinthu chimene sindinachitepo ali moyo. Nthawi yomweyo ndinamva kuzizira kukulowa m'nsalu yanga. Mpando unali wonyowa. Ndinadzidzimuka kufuna kuthawa. Ndinagwira chiwongolero kuti ndidzuke nacho, ndipo m'manja munakanirira timiyala tokhakhala. Ndinayang'ana. Chiwongolero chonse, pamene manja awo ankagwira, chinali ndi mizere yoyera youma, yotsikira pansi pakati penipeni pamene amadina hutala. Pamphasa ya kumapazi panali zoyera zomwezo.

Sindinapite patali ndi sukulu, koma ndakhala zaka zambiri kukhitchini. Ndinanyambita chala. Unali mchere.

Ndinakhala m'menemo ndikulira, chitseko chili chotsegula, osasamala za a m'nyumba yosanja. Sindikudziwa ngati ndinkalira chifukwa chopepukidwa kapena chifukwa chakuti m'galimotomo munalibe aliyense.

Alamu atabwera ndinadikira adye kaye. Kenako ndinawauza kuti ndinatuluka.

"Mwaswa eda?"

"Ndaswa, ndipo Mulungu andikhululukire. Alamu, m'madzi a duwa aja mumathiramo chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Mchere wa miyala. Nanga n'kuthiramo chiyani? Dzanja limodzi lodzaza. Amayi ankatero pochotsa zoipa m'nyumba."

"A shehe anakuuzani choncho?"

"A shehe ndi mwana wa dzulo, angadziwe zonse? Botolo lawo likamatha, ndimangoonjezera madzi pa otsalawo."

"Mumathira pati?"

"Pamene ankagwira. Pamene ankakhala. Ndikathire pamatayala ngati anali matayala achimwene anga?"

"Tsiku lililonse?"

"Ikalira kwambiri, kapu ziwiri."

Ndinawauza zimene a fundi anafunsa, za nyanja, ndi za mawaya a dzimbiri. Funso limenelo sindinawamasulire tsiku lija chifukwa ndinaliona lopanda mutu. A fundi sankadziwa za madzi chifukwa alamu sakanatha kuwauza. Ine ndinkadziwa za madzi koma sindinaone kumene ankathiridwa. Tonse atatu aliyense anali ndi chidutswa chake, chitseko chili pakati.

Alamu anaimirira.

"Ndiye mukuti duwa yanga ndi imene ikuwononga?"

"Duwa ayi, alamu. Mchere."

"Mwaphunzira liti za magalimoto, inu wokazinga zitumbuwa?"

"Sindinaphunzire. Koma mukudziwa zimene mchere umachita ndi supuni ikagonamo."

Ndinagwada, monga ayenera kuchitira munthu kwa mlamu wake wamkulu, n'kuwapempha chinthu chimodzi. Ndinati a fundi abwere kachitatu atsuke zonse. Batire ikhale yolumikiza, pakamwa pasatsekedwe. Duwa azichita ali panja, lubani azifukiza mmene angafunire, koma madzi asalowe. Kiyi akhale ndi ine. Ikalira ngakhale kamodzi masiku otsalawa, ndidzamanga katundu ndekha, osadikira kuuzidwa.

"Mwalumbira nokha," anatero alamu.

A fundi atamva nkhani yonse kuseri kwa chitseko, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mama, auzeni mayi akuluwo kuti galimoto si nsomba. Ndevu zanga zapulumuka!"

Zimenezo sindinamasulire. Koma ndinawafunsa chimene chinkandivutabe. Ndinati nanga n'chifukwa chiyani inkasankha nthawi ya alasiri? Anati mwina dzuwa likaiwotcha tsiku lonse chinyezi chimakwera n'kukhudza mawaya. Ndinati nanga tsiku loyamba lija, la makoswe, dzuwa linalowapo bwanji? Anayamba kulongedza zitsulo zawo.

"Mama, ine ndimadziwa mawaya," anatero. "Za mawotchi funsani ena."

Anasiya zitseko zonse zotsegula masiku awiri kuti muume. Kenako ndinawauza atseke, ndipo kiyi ndinamumanga pachingwe m'chiuno mwanga.

Masiku amene anatsatira ndi amene anali olemera kuposa onse. Dzuwa likapendeka nyumba yonse inkakhala ngati yagwira mpweya. Ine pamkeka m'kati, alamu pampando pabwalo pafupi ndi galimoto, manja ali pamiyendo. Njinga yamoto ikaliza hutala kumsewu, tonse tinkadzidzimuka. Tsiku lina galimoto inachita phokoso laling'ono, thee, ngati chitsulo chikamazizira. Sipanatsatire kanthu. Ndinkawaona alamu pakatani akuweramira pagalasi, akulankhula motsitsa. Tsiku lina ndinamva mawu ake. Sanali duwa. Ankati, "Achimwene, ndine. Ndinachedwa, lole inafera panjira."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti iwo sanaone nkhope ya mchimwene wawo, sanasambitse nawo, sanamve ngakhale fosholo ikukwirira. Anangopeza bwalo losesedwa ndi galimoto. Hutala ija ndi mawu okhawo amene anawapeza.

Tsiku lotsiriza linafika galimoto isanalire. Amayi a kumzikiti anabwera m'mawa, ndinasamba, anandivula zoyera n'kundiveka nsalu ya maluwa. Anthu atabalalika, foni ya alamu inalira. Anali mwini mbumba. Ndinali pomwepo ndikupukuta mbale, ndipo ndinkamva mawu awo akufunsa kuti nanga mukwera lole tsiku liti.

Alamu anayang'ana pazenera nthawi yaitali. Akanatha kunena kuti inalira miyezi itatu yathunthu, kuti ndinaswa eda, kuti ndinalanda kiyi. Zonsezo zinali zoona.

"Kuli zii kuno," anatero. "Agona. Mayiyu musiyeni, ali ndi ana ake kuno. Ndibwera ndekha."

Atadula foni sanandiyang'ane. Anandiuza kuti ndiwapezere chikwama chokulirapo, chifukwa akufuna kutenga malaya awiri a achimwene awo, ndi nsapato zimene malemuwo ankavala Lachisanu. Ndinapita kuchipinda kukawasankhira.